Miyendo ya Kandege ka Wophunzira: Yambani Mwayang'ana Bwalo

Mwandipempha kuti ndilankhule za miyendo ya tindege touluka ndi rimoti, makamaka kwa munthu amene akuyamba kumene. Ndikudziwa kuti ambiri mukadakonda tikambe za mota, za batire kapena za liwiro. Koma wophunzira amene ali ndi mphunzitsi pambali pake sakhala pa vuto lalikulu kandege kakakhala m'mwamba, chifukwa kumeneko kuli malo okonzera cholakwa. Mavuto amakhala pa masekondi ochepa amene kandege kakuthamanga pansi kuti kanyamuke, ndi pa masekondi ena ochepa amene kakubwera kudzakhudza nthaka. Nthawi ziwiri zonsezi ntchito ili pa miyendo.

Njira zenizeni zilipo zitatu. Pali kandege ka matayala awiri pansi pa mapiko ndi lachitatu kumphuno, kamene ogulitsa amakalemba kuti tricycle. Pali ka matayala awiri kutsogolo ndi katayala kakang'ono kumchira, mwinanso kawaya kongokhwekhwereza pansi, kamene amati taildragger. Ndiye pali kopanda tayala ngakhale limodzi, koponya ndi dzanja, kotera ndi mimba. Miyendo yopindika yolowa m'mapiko ija, imene mumaiona pa tindege totengera Spitfire kapena Mustang, isiyeni kaye. Ndi yolemera, ndi yodula, ndipo kutera koipa kamodzi kokha kumaizula pamodzi ndi chidutswa cha phiko. Zoyandamitsa pamadzi nazonso zidikire. Kandege kakagudubuzika pabwalo mumapita kukakatola, koma kakagudubuzika pa nyanja mumayamba kufunafuna mwini bwato uku madzi akulowa mu zamagetsi.

Kuti timvane bwino, tiyambe ndi chinthu chimodzi chimene zonse zatsamirapo. Ndege iliyonse ili ndi malo amene kulemera kwake konse kumakumanirana. Mukaika zala ziwiri pansi pa mapiko pamalo amenewa, kandege kamakhazikika osagwera kumphuno kapena kumchira. Oulutsa amangoti CG. Pa tindege ta ophunzira malowa amapezeka mukayeza kuchokera kutsogolo kwa phiko pafupifupi kota, kapena gawo limodzi mwa magawo 3, la m'lifupi mwa phikolo. Kusiyana konse kwa tricycle ndi taildragger kwagona pa funso lakuti matayala akuluakulu ali kumbuyo kwa CG kapena kutsogolo kwake.

Pa tricycle, matayala akuluakulu ali kumbuyo pang'ono, kulemera kuli kutsogolo kwawo. Kandege kakapotoka pang'ono pothamanga, kulemera kuja kumapitirirabe kumene kumapita, matayala n'kumatsatira pambuyo, ndipo mphuno imabwerera yokha mumzere. Pa taildragger zinthu zatembenuka. Kulemera kuli kumbuyo kwa matayala, choncho kandege kakangopotoka, kulemerako kumafuna kudutsa matayala cha m'mbali, ndipo kupotoka kumene kunayamba pang'ono kumakula kokha. Aliyense amene anathamangapo ndi wilibala yodzaza mchenga akudziwa zimenezi m'manja mwake: ikangokhota pang'ono, katundu amakankhira kunja, ndipo mukachedwa kuibweza imakutembenuzani.

Tiyeni tikaone kandege kotere pafupi. Wophunzira wakaika pabwalo, mphuno yaloza kumene mphepo ikuchokera. Mtima uli m'mwamba, ndiye wakankha moto wonse nthawi imodzi. Mphepo imene pulopela imakankhira kumbuyo siyenda molunjika, imazungulira thupi la kandege n'kukamenya chipsepse cha kumchira mbali ya kumanzere, ndipo mphamvu ya mota imatsindikiza tayala la kumanzere pansi. Mphuno yayamba kulowera kumanzere. Liwiro likadali lochepa, choncho rudder, chiwongolero cha kumchira, sinayambe kugwira bwino. Mnzathu waona mochedwa, wakankhira ndodo ya rimoti kumanja mpaka kumapeto, ndipo pamene rudder ikugwira liwiro lakwera kale, kandege n'kupitirira kumanja. Wabwezanso kumanzere. Ulendo wachitatu mchira wadutsa mphuno, nsonga ya phiko yakhula pansi, fumbi lakwera, ndipo kandege kaima kakuyang'ana mwini wake. Oulutsa amati ground loop. Kawirikawiri chowonongeka n'chochepa, mwina pulopela kapena nsonga ya phiko, koma munthu amene zamuchitikira kangapo anzake akuseka amayamba kuopa ndodo ya moto.

Poteranso pali kusiyana kwa mtundu womwewu. Matayala a tricycle akagunda pansi, kulemera kuli kutsogolo kwawo, ndiye mphuno imatsika, phiko limasiya kunyamula, kandege n'kukakamira pansi. Matayala a taildragger akagunda mwamphamvu, chimene chimatsika ndi mchira, phiko limadzuka n'kuyambanso kunyamula, ndipo kandege kamadumphira m'mwamba kalibe liwiro lokwanira. Kudumpha kwachiwiri n'kumene kumathyola zinthu.

Ndege zikuluzikulu zinadutsa m'nkhani yomweyi. Ndege ya abale awiri a Wright, imene inauluka pa 17 December 1903 ku Kill Devil Hills, inalibe matayala oterera. Inkanyamuka pa njanji ya matabwa n'kutera pa mchenga ndi zotsetsereka. June Bug ya Glenn Curtiss ya 1908 inali kale ndi tayala la kutsogolo, komabe kwa zaka zambiri zotsatira ndege zambiri zinali za kumchira, kuphatikizapo Douglas DC-3 ndi Piper J-3 Cub, chifukwa mabwalo ambiri a nthawiyo anali a udzu. Mabwalo a phula ndi konkire atachuluka, zinthu zinasintha. Kampani ya Cessna inatenga ndege yake ya kumchira, Cessna 170, n'kuiika tayala kumphuno, ndipo mu 1956 inayamba kuigulitsa ngati Cessna 172. Otsatsa malonda anapatsa miyendoyo dzina lakuti Land-O-Matic pofuna kunena kuti ndegeyo ikungotera yokha. Zinali zokokomeza, koma ndege imeneyi yapangidwa yambiri kuposa ndege ina iliyonse, zopitirira 44,000, ndipo ku America lero woyendetsa ndege amene akufuna kuyendetsa ya kumchira amafunika maphunziro apadera ndi siginecha ya mphunzitsi. Komabe pitani ku Alaska, kumene anthu amatera pa miyala ya m'mphepete mwa mitsinje. Ndege yokondedwa kumeneko ikadali Piper Super Cub, ya kumchira, yovala matayala akuluakulu ofewa.

Tindege ta rimoti tinatsata njira yomweyo. Tindege totchuka tophunzirira ta injini ya mafuta, monga Sig Kadet LT-40 ndi Great Planes PT-40, tinali ta tayala la kumphuno, ndipo E-flite Apprentice ya magetsi, ya mapiko a mamita 1.5, nayonso ndi yotero. Mukawerenga malangizo ochokera ku America kapena ku Britain, ambiri adzakuuzani kuti wophunzira ayambe ndi tricycle. Malangizowo ndi oona, koma funsani kuti olembawo amaulutsira pati. Magulu awo ali ndi mabwalo awoawo, ena a phula, ena a kapinga wometedwa ndi makina sabata ndi sabata.

Ife tiulutsira pati? Ambiri a ife ndi pa bwalo la mpira la pasukulu, pa dambo louma, kapena pa malo amene chaka chatha panali munda, mizere ikuonekabe. Pakati pa bwalo pali dothi lolimba ndi timiyala, m'mbali muli zitsinde za udzu, apa pali kachulu kamene kayamba kumene, apo pali mapazi a ng'ombe amene anauma m'matope. Nthawi ya dzinja udzu umakula msanga kuposa mmene osewera mpira angaupondere. Kwa munthu woyenda pansi bwalo limeneli ndi losalala, koma muyeze ndi msinkhu wa kandege. Cessna 172 ili ndi mapiko a mamita 11. Kandege ka mapiko a mamita 1.2 ndi kochepa ka 9 poyerekeza nayo, choncho udzu wa masentimita 5 kwa iko uli ngati udzu wa masentimita 45 kwa Cessna, wofika m'mawondo. Palibe woyendetsa ndege wanzeru amene anganyamuke mu udzu wotero ndi katayala kakang'ono kumphuno.

Pa bwalo lotere mwendo wa kumphuno ndi umene umayamba kukumana ndi chilichonse. Uyang'aneni mmene unapangidwira. Pa kandege ka makilogalamu 2.5 ndi waya wachitsulo wa mamilimita 4, wopotedwa kamodzi kapena kawiri pakati kuti ukhale sipuling'i. Umadutsa m'kabokosi ka nayiloni komangidwa pa thabwa lomwe lanyamula mota, ndipo pamwamba pake pali kamkono komangidwa ndi kasikuluwu kamodzi, kamene kamalumikizana ndi servo, kamota kokhotetsa rudder, kudzera pa kawaya kena. Tayala likagunda chitsinde cha udzu, waya uja umapindikira kumbuyo, mphuno imatsika, pulopela n'kudya dothi. Kugundako sikuthera pamenepo. Kumadutsa m'kawaya kaja kukafika ku mano a pulasitiki a m'kati mwa servo, ndipo mano akathothoka mwataya chiwongolero cha pansi ndi cha m'mwamba nthawi imodzi. Kukakhala kwamphamvu, thabwa la mota limazuka ndithu. Kamkono kaja nakonso kamaterereka pa waya wobulungira, ndiye mumaona kandege kakupita kumbali ndodo ili pakati, inu n'kumaganiza kuti zala zanu ndi zimene zalakwa.

Taildragger pa bwalo lomweli ili ndi mwayi. Matayala amene amakumana ndi zitsinde ndi awiri akuluakulu, olimba, osalumikizana ndi servo iliyonse. Mphuno yatukuka, pulopela ili kutali ndi nthaka. Katayala ka kumchira n'kopepuka ndipo kamadzuka msanga. Ndipo pali chinthu china chimene mabuku satchula kawirikawiri: udzu umachepetsa ukali wa ground loop, chifukwa matayala amatha kutsetsereka cha m'mbali pang'ono m'malo mogwira nthaka mwamphamvu ngati pa phula, ndipo mchira umakokedwa ndi udzu n'kukhala kumbuyo. Kandege kamene kamavuta pa phula kamafatsa pa kapinga. Vuto lake pa udzu ndi lina, kugwa champhuno. Matayala akakodwa, kulemera kumapitirira pamwamba pawo, kandege n'kuima ndi mphuno kapena kugona chagada. Anthu ochuluka anaphunzira okha kuulutsa pa HobbyZone Super Cub, imene ndi taildragger, choncho musamve zoti mtundu umenewu ndi wa akatswiri okha. Tindege topepuka ta magetsi timanyamuka titathamanga mamita ochepa chabe, nthawi yoti n'kupotoka isanakwane.

Pali chinanso chimene chimatikhudza ife a kumtunda. Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, Mzuzu ndi Lusaka kupitirira 1,200, Johannesburg pafupifupi 1,750. Mpweya wa kumtunda ndi wopepuka, ndipo kutentha kumaupeputsanso. Masana otentha a October ku Lilongwe, mpweya umapepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanja yamchere tsiku lozizira bwino. Phiko limafuna liwiro loposa ndi pafupifupi 10 peresenti kuti linyamule kulemera komweko, pulopela nayo sigwira mpweya mokwanira, ndiye kandege kamathamanga mtunda wautali pansi ndipo kamatera kali ndi liwiro lokulirapo. Miyendo imene wopanga anaiyesa pa kapinga wa m'mphepete mwa nyanja ikugwira ntchito yowawa kuno. N'chifukwa chake ndimati phunzirani m'mamawa, kukadali kozizira, mphepo isanadzuke ndipo akamvulumvulu asanayambe kuyendayenda pabwalo.

Tsopano njira yachitatu, imene ambiri amainyoza chifukwa sioneka ngati ndege yeniyeni. Kandege kopanda miyendo n'kopepuka, mphepo siikoka kwambiri, kamauluka pang'onopang'ono, ndipo wophunzira amapeza nthawi yoganiza. Multiplex EasyStar ya ku Germany ndi tindege tina totengera kapangidwe kake, monga Bixler, tili ndi mota pamwamba kumbuyo kwa phiko, pulopela ikukankha m'malo mokoka. Kakatera ndi mimba, ngakhale kagunde ndi mphuno, pulopela ndi mota sizikhudza nthaka. Kwa ife zimenezi n'zofunika kawiri, chifukwa mota za magetsi zili ndi maginito amene amatola tizitsulo ta m'dothi, ndipo mota imene yadya fumbi imayamba kukhuluza, mabeling'i n'kutha. Kandege kotere sikasankha bwalo. Udzu wautali umene umagwetsa tricycle ndi taildragger, kwa iko ndi pofewa poterera. Ndipo musaganize kuti n'zachibwana: ndege za Zipline, zimene zinayamba kunyamula magazi ku Rwanda mu 2016, zilibe matayala, zimaponyedwa ndi makina n'kugwidwa ndi chingwe pobwerera.

Kuponya kuli ndi malamulo ake. Yang'anani kumene mphepo ikuchokera, gwirani kandege pansi pa phiko pafupi ndi CG, ndipo ponyani molunjika, mapiko atafanana, osati m'mwamba. Woponya m'mwamba amapha liwiro, phiko limodzi limagwa, kandege n'kugwera pamapazi ake. Masiku oyamba aponye mnzanu kuti zala zanu zonse zikhale pa rimoti. Pa kandege ka pulopela ya kumbuyo onetsetsani kumene dzanja likudutsa, chifukwa pulopela ya pulasitiki imadula chala mpaka fupa. Potera zimitsani moto musanakhudze pansi. Mimba muimate tepi yolimba ya ulusi, kapena chidutswa cha botolo la pulasitiki, chifukwa dothi louma limapala thovu lopangira thupi la kandege tsiku lililonse pang'onopang'ono mpaka batire kuonekera.

Koma ndinene chilungamo, njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Kutera kumaphunziridwa pobwerezabwereza. Wa matayala amatsika, n'kukhudza pansi, n'kuwonjezera moto, n'kuzungulira kudzateranso, kangapo pa batire imodzi. Wa mimba akatera wathana nazo, ayende kukatola, aponyenso. Akhoza kumayeseza kutsika mpaka m'chiuno n'kukweranso, ndipo zimathandiza, koma sekondi yomaliza ija, yotukula mphuno pang'ono kuti kandege kakhale pansi mofewa, amaiona kamodzi pa ulendo. Komanso kandege ka injini ya mafuta kolemera makilogalamu 2 kapena 3, pulopela ikulira kutsogolo, si koti wophunzira aziponya ndi dzanja.

Ndiye mukandifunsa kuti musankhe chiyani, yankho langa ndi lakuti pitani kaye ku bwalo limene muzikaulutsirako, osati limene mumalota, mukaliyende ndi mapazi. Ngati ndi phula, konkire, kapena dothi losalala lotsendereka bwino, tengani tricycle, ndipo mudzaphunzira msanga. Ngati ndi kapinga wamfupi wa zitsinde, tengani taildragger ya phiko la pamwamba ndi matayala akuluakulu. Ngati ndi dambo, chiputu, kapena bwalo limene maonekedwe ake amasintha ndi nyengo, yambani ndi kotera ndi mimba. Kwa ambiri amene muli muno ndikuganiza kuti ndi kachitatuka, ndipo kandege kachiwiri kadzakhale taildragger. Alipo opanga amene anayesa kuphatikiza zabwino za mbali ziwiri, monga HobbyZone AeroScout, imene ili ndi matayala atatu akuluakulu koma pulopela ili kumbuyo kwa phiko. Mwendo wa kumphuno ukapindika, pulopela siili pamenepo kuti ithyoke. Ndi nzeru yoyenera kutengera ngati mukudzipangira nokha.

Amene mwasankha matayala, kukula kwake ndi chinthu choyamba. Matayala obwera m'bokosi nthawi zambiri ndi a bwalo losalala. Tayala limavutika kukwera chinthu chimene kutalika kwake kwayandikira theka la kukula kwa tayalalo, ndipo limayamba kukodwa ngakhale chisanafike pamenepo. Pa kandege ka mapiko a mita imodzi kufika 1.5, matayala a mamilimita 75 mpaka 90 a thovu lopepuka amasintha zinthu kwambiri. Zovindikira matayala zokongola zija zichotseni, zimangotola udzu ndi matope mpaka tayala kuleka kuzungulira. Miyendo italikirane, chifukwa yothinana imagwetsera kandege ku phiko mphepo ikangowomba cha m'mbali. Spitfire yeniyeni ndi Messerschmitt Bf 109 zinkavutitsa oyendetsa atsopano pa chifukwa chomwechi.

Malo oika miyendo ndi nkhani ya masentimita. Pa taildragger, mukanyamula mchira kuti thupi ligone mowongoka, pakati pa matayala pakhale pansi pa m'mphepete mwa kutsogolo kwa phiko, kapena patsogolo pang'ono. Mukawabweza kumbuyo kandege kazigwa champhuno, mukawapititsa patsogolo kwambiri mchira umalemera, kupotoka ndi kudumpha kumachuluka. Pa udzu kupinda miyendo kuti ipite patsogolo ndi sentimita imodzi kapena awiri kumathandiza. Ambiri amapezanso kuti kuloza kutsogolo kwa matayala m'kati pang'ono, digiri imodzi kapena awiri, kumawongola kathamangidwe. Choopsa ndi matayala oloza kunja, ndipo amafika pamenepo okha miyendo ikamatambasuka ndi kutera kolimba, choncho muziwayang'ana. Pa tricycle matayala akuluakulu akhale kumbuyo kwa CG pang'ono pokha. Tsindikizani mchira ndi chala chimodzi: mphuno idzuke mosavuta, ndipo mukasiya ibwerere pansi yokha. Kandege kakaima, thupi likhale lowongoka. Mphuno ikatsika kwambiri, phiko limakanikiza kandege pansi, kamathamanga bwalo lonse osanyamuka, kenako wophunzira amakoka elevator yonse, chiwongolero chotukula mphuno, kandege n'kulumphira m'mwamba mwadzidzidzi. Mphuno ikakwera kwambiri, tayala la kumphuno limayamba kugunda potera, ndiye kudumphadumpha kumayambira pamenepo.

Tayala la kumphuno lisakhote kwambiri. Kawaya kake mukalumikize pa bowo la m'kati la mkono wa servo ndi bowo la kunja la kamkono ka mwendo, kuti ndodo ikayenda kwambiri tayala liyende pang'ono. Kukhota kumene kumaoneka kochepa kandege kali patebulo n'kokwanira kukagudubuza kakuthamanga. Tengani fayilo mupale pamalo pamene kasikuluwu kamaluma waya kuti pakhale pophwatalala, ndipo chitani chimodzimodzi pa timphete togwira matayala. Tayala lothawa kandege kali m'mwamba mumalidziwa pokhapokha mukutera.

Za kumanga miyendo ku thupi, ganizo langa ndi ili: tsiku lina mudzatera moipa, ndipo mphamvu ya kugundako iyenera kuthera penapake. Mukamanga miyendo ndi mabawuti achitsulo ndi guluu wolimba, miyendo idzapulumuka koma idzang'amba mimba ya kandege. Mukamanga ndi mabawuti a nayiloni, amaduka, miyendo imagwa payokha, inu n'kuika ena pabwalo pomwepo. Pa tindege topepuka malegeni odulidwa ku chubu cha njinga amagwira ntchito yomweyi bwino lomwe, miyendo imasuntha kenako n'kubwerera. Waya nawo musankhe. Waya wofewa wa mpanda umapindika n'kukhala chipindikire. Wofunika ndi waya wa sipuling'i, umene ogulitsa amautcha music wire kapena piano wire. Pa kandege kosapitirira theka la kilogalamu, sipoko ya njinga, imene ndi mamilimita 2, imakwanira. Waya wa sipuling'i musauwotche pamoto kuti upindike mosavuta, chifukwa mukatero mwaupha, usanduka wa mpanda. Upindeni wozizira pa vayisi. Matayala mukhoza kudula ku mapatapata akale monga mmene ana amachitira pa galimoto za mawaya, bola pakati muikepo kachubu kolimba, mwachitsanzo ka bolopeni, kuti waya usakulitse bowo. Kungoti mapatapata ndi olemerako, ndiye mukamaliza yesaninso CG pa zala.

Kayendetsedwe kake ndikanena mwachidule, chifukwa kamamveka bwino pabwalo. Pa taildragger, poyamba kokani elevator kuti mchira ukanikizike pansi, wonjezerani moto pang'onopang'ono, ndipo liwiro likamakwera bwezerani elevator pakati kuti mchira udzuke. Mukaiwala kubweza, kandege kamanyamuka kasanakhwime liwiro n'kugwera ku phiko la kumanzere. Rudder muigwiritse msanga koma pang'ono, kukankha n'kusiya, osadikira kuti mphuno ifike patali. Zikasokonekera zimitsani moto, mukatole, muyambirenso. Pa tricycle lolani kandege kathamange mpaka kapepuke, kenako kokani pang'ono. Potera matayala akuluakulu ayambe, la kumphuno litsatire. Kakagwa champhuno mu udzu, chinthu choyamba ndi kuzimitsa moto, chifukwa mota imene ikukakamizidwa kuzungulira pulopela itakodwa imawotcha ESC, kachipangizo kolamulira liwiro la mota, pa masekondi ochepa. Ndipo musanathamangitse kandege, yang'anani bwalo: ana amathamangira kumene kandege katera, mbuzi sizimva kukuwa, ndipo pafupi ndi bwalo la ndege zenizeni sipoulutsira.

Chomaliza ndi ntchito imene matayala amakupatsani kandege kasanauluke n'komwe. Chovuta kwambiri kwa woyamba aliyense n'chakuti kandege kakamabwera kumene inu muli, kumanja kwake kumakhala kumanzere kwanu, ndipo zala zimakana kumvera. Zimenezi mukhoza kuziphunzira pansi. Chotsani phiko kuti kandege kasanyamuke mwangozi, ikani njerwa ziwiri motalikirana mamita 15, ndipo muziyendetsa thupi lokhalo mozungulira njerwazo mojambula 8, pa liwiro la munthu woyenda. Pa rimoti zambiri zimene zimagulitsidwa, rudder ili pa ndodo ya kumanzere pamodzi ndi moto, choncho chala chachikulu cha kumanzere, chimene ophunzira ambiri amachiiwala, chimayamba kugwira ntchito tsiku loyamba. Kenako kankhani kandege ndi dzanja mota itazima, muone ngati kakuyenda molunjika, ndipo ngati kakukhota pindani waya kapena sunthani kamkono, musakonze ndi trim, kabatani ka pa rimoti kosunthira chiwongolero pang'ono, chifukwa trim imeneyo idzakhotetsanso rudder m'mwamba. Mukafika poyendetsa kandege molunjika kuchoka pamapazi anu mpaka kumapeto kwa bwalo, n'kukatembenuza, n'kukabweretsa molunjika osaima kuti muganize, bwezerani phiko ndipo itanani mphunzitsi alumikize rimoti yake ndi yanu.